Kaputeni Amene Ankakana Mphepo

Kaputeni aliyense, khobidi likamugwera bwino pakati pa bwalo, ankasankha kuyamba mphepo ya kunyanja ili kumsana, kuti mpira uziuluka wokha kupita kwa adani. Zimenezi ngakhale woyendetsa ngolo ya abulu ankazidziwa. Koma Miskan Dilmurad, wotchinga kumbuyo chakumanzere, kaputeni wa timu ya dziko la Pakistan, ankachita zakezake. Akapambana khobidi ankaloza golo lakumpoto, n'kuwapatsa alendo mphepo yonse ngati akupereka mpando kwa apongozi.

Anthu a ku Lyari, kuno ku Karachi kumene anabadwira, aliyense ankamasulira mwake. Ena ankati analumbira kumanda a shehe wina. Ena ankati ndi matama chabe. A nyuzipepala, amene sanamenyepo mpira chibadwire, analemba kuti ndi nzeru zakuya. Onsewo ankangobwebweta, monga amachitira anthu akafuna kuoneka odziwa.

Nkhani inali diso. Chaka china ali ku Dhaka, kumene anyamata athu ankapita kukasewera nyengo ya mvula, mpira unamwa madzi n'kulemera ngati mwala, ndipo chingwe chake chosokera chinamukwapula m'diso lakumanzere. Kunja diso linachira. Linkayera, linkaphethira ngati linzake. Koma m'kati munatsala chifunga choyera ngati madzi otsukira mpunga. Mbali imodzi ya dziko inangochoka mwakachetechete, osatsanzika.

Amene ankadziwa anali awiri okha: mkazi wake Mahganj, ndi goloboyi wa timuyo, Washdil, amene anakulira naye mu msewu umodzi akumenya mpira wa nsanza opanda nsapato.

Tsoka lake, mdani amene Miskan ankayenera kumutsekera ankathamanga mbali yakhungu yomweyo, m'mphepete mwa mzere. M'chigawo choyamba Miskan ankadalira miyendo ndi khosi, kutembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku yomva kabawi. Koma m'chigawo chachiwiri, miyendo italema, ankafuna dzuwa likhale kumanzere kwake, litapendeka. Pamenepo munthu wosaonekayo ankatsogoza chithunzithunzi chake. Chinkabwera chikukwawa pafumbi, chachitali, n'kudutsa pamaso pa diso labwino, mutu poyamba, kenako mapewa. Chiuno chikafika pa nsapato yake, Miskan ankaponya mwendo m'chifunga chija, n'kupeza mpira uli pomwepo ukumudikira.

Nthawi imeneyo ankaikonda kuposa chakudya. Phokoso la anthu linkapita kutali, ngati nyanja ukamaimva uli m'nyumba. Fumbi linkafiira, linkayandama osafuna kugwa. Iye ankaona ngati wasiya kusewera ndi anthu, akusewera ndi mtundu wina wa zimphona zoonda zogona pansi, zosalankhula, zosatukwana. Munthu amanamiza ndi maso, amanamiza ndi phewa, koma chithunzithunzi chake sichinaphunzire bodza. M'moyo wake wonse Miskan sanapeze china chokhulupirika chotero.

Choncho ukaputeni kwa iye sunali wa nkhata za maluwa m'khosi ayi. Kaputeni wina akanatenga mphepo poyamba, dzuwa lomaliza likanagwera kumanja, ndipo Miskan akanatha tsiku lomwelo anthu akuona.

Wofuna kuti athe analipo. Faruki Sahib, kunena kuti Bwana Faruki, mlembi wa bungwe la mpira, munthu wa tayi ndi magalasi, wonunkhira mafuta a maluwa, anali ndi wake: Naushad wa ku Lahore, wosewera pakati, wophunzira ku koleji, wodziwa kugwira foloko ndi kuyankhula Chingerezi pa phwando. Naushad mwiniwake analibe mlandu. Mpira ankautha, ndipo akakumana ndi Miskan ankagwira pachifuwa mwaulemu. Koma Faruki Sahib ankanena poyera kuti dziko latsopano silingatsogoleredwe ndi wonyamula matumba kudoko, wodya ndi manja pamaso pa akazembe. Ankangodikira chifukwa, ndipo Miskan anali asanamupatse.

Tsiku lina masana, atakhala pa benchi la wogulitsa tiyi pafupi ndi msika wa nsomba, Washdil anathira tiyi wake m'sosala kuti azizire, n'kunena osadzutsa mutu.

"Lala, mwamva za mapolo?"

Ankamutcha Lala, kunena kuti mkulu wanga, ngakhale ankangosiyana miyezi.

"Mapolo ati?"

"Anayi. M'makona a bwalo. Aatali kuposa nsanja ya mzikiti. Faruki Sahib akuti alendo a ku Burma aja tisewera nawo dzuwa litalowa, pansi pa magetsi, ngati azungu."

"Magetsi ake ati? Awa amene amathima mphaka akangoyetsemula?"

"Abwera ndi injini yakeyake. Ndaiona. Yaikulu ngati ngamila yogona."

Miskan anayang'ana tiyi wake. Ntchentche inatera pa mlomo wa kapu, iye osaiingitsa.

"Nenani kuti bondo latupa," anatero Washdil motsitsa mawu. "Ndikumenyani ndi mtengo ine ndemwe kuti zioneke zenizeni. Ndakhala ndikulakalaka kuyambira tili ana."

"Manja akowo? Mpira waukulu chonchija umakupulumuka, mtengo ndiye uugwira?"

"Umapulumuka chifukwa amene ali patsogolo panga ndi nkhalamba."

"Nkhalamba imene imakudyetsa. Pakanapanda ine bwenzi ukugulitsa nkhanu."

"Nkhanu zilibe Faruki Sahib. Lala, ndikunena zoona. Pumulani tsiku limenelo."

"Ndikakhala pansi kamodzi, Naushad akaima pa khobidi. Akaimapo kamodzi, sadzachokaponso. Iwe anthu a matayi suwadziwa? Amakubwereka mpando kuti amangeko nsapato, mawa lake n'kupeza alembapo dzina."

Washdil anamwa tiyi wake wa m'sosala.

Timu inapempha kuti iyesereko kusewera pansi pa magetsiwo. Faruki Sahib anakana. Anati oyamba kuwaona akuyaka akhale nduna ndi alendo olemekezeka, osati anthu a thukuta. Ndi mmene zinthu zimayendera. Chinthu amagulira osewera, koma woyamba kuchilawa ndi wa mimba.

Tsiku la masewero, Mahganj anamukhazika mwamuna wake pakhomo, pamene pali kuwala, n'kumupaka surma m'zikope, mankhwala akuda aja a m'maso, monga ankachitira nthawi zonse kuti maso awiriwo afanane ndithu. Dzanja lake linkanunkha adyo.

"Bambo a Sabzal, mukuphethiraphethira. Ndikubayani diso lotsalali, tizikakupemphetsani pa mzikiti."

"Dzanja lako ndilo likunjenjemera."

"Langa? Ine sindikukasewera ndi a Burma." Anapukuta kamtengo kopakira pa mpango wake. "Koma ine sindikuona chovuta. Nyali yathu ija ikayaka, chithunzithunzi chanu chimadzaza khoma lonse mpaka ana kuopa. Kanyali ka palafini. Nanga magetsi a injini? Chidzakhala chakuda bii, choposa cha dzuwa."

Miskan anatsegula maso. Anaganiza za khoma lija, za mutu wake waukulu ukugwedezeka pa denga. Zinali zoona. Kuwala n'kuwala, kaya kwachokera kwa Mulungu kaya kwa injini. Anadzuka mtima utapepuka, anadya chapati ndi nsomba, ndipo potuluka anamutsina mkazi wake pa mkono.

Bwalo linadzaza dzuwa lisanalowe. A ku Lyari anakhala pansi pafumbi kuseri kwa magolo ndi m'mbali mwa mzere, kumene kulibe mipando, atabwera ndi ng'oma zawo. Olemekezeka anakhala pa mthunzi umene sunalinso ndi ntchito. Thambo linafiira, linada pang'onopang'ono, akhwangwala n'kudutsa kupita kokagona. Kuitana kwa swala kutatha ndipo anthu atapemphera, nduna inakweza dzanja. Injini inatsokomola, inabangula, ndipo usana wachilendo unagwa pa bwalo, woyera ngati mchere. Anthu anausa moyo onse pamodzi. Tizilombo touluka tinachokera kosadziwika n'kuyamba kuzungulira mababu ngati mankhusu opetedwa.

Miskan anatsogolera timu yake kulowa. Anapambana khobidi, ndipo mwachizolowezi analoza kumpoto. Kenako anayang'ana pansi.

Anali ndi zithunzithunzi zinayi. Zinatuluka m'mapazi ake kupita mbali zonse, zotuwa, zopyapyala, chilichonse chikukokera kwake. Anasuntha phazi, zonse zinasuntha, china kutalika, china kufupika. Anayang'ana anzake. Aliyense ankayenda ngati nkhanu, miyendo yotuwa itayala pansi. Bwalo lonse linadzaza khamu la anthu osaoneka bwino, opingasana, olowana m'mimba n'kutulukira kumsana. Zimphona zake zokhulupirika zija panalibe. Panali alendo okhaokha, ndipo onse ankaloza kosiyana.

Anatembenuka kuyang'ana Washdil. Washdil nayenso ankayang'ana pansi.

Wenzulo inalira. Wa ku Burma wa mbali yake anali wamfupi, wa miyendo yothamanga ngati ya mbalame ya m'mphepete mwa madzi. Poyamba Miskan anagwiritsa khosi, ndipo zinayenda. Koma thupi lili ndi chizolowezi chake chimene silifunsa mutu. Mpira utaponyedwa kumanzere, chinthu chotuwa chinadutsa pamaso pa diso labwino, mutu, mapewa, chiuno, ndipo mwendo wa Miskan unapita wokha. Unasesa fumbi. Munalibe munthu. Mwini chithunzithunzicho anali akadali kutali, ndipo anangomulambalala kaputeni ali chigonere, n'kupereka mpira pakati. Washdil anauluka, koma anauluka mochedwa. Ukonde unagwedezeka.

Kuseka kunayambira kuseri kwa golo.

"Kaputeni akupha udzudzu!"

"Miskan, wasuta chiyani lero? Tigawireko!"

"Bulu wanga akanautsekera umenewo!"

Anali anthu ake omwe, amene ankamunyamula pamapewa chaka chatha. Anthu ndi otero. Zinachitikanso kawiri chigawo chisanathe, Miskan kulimbana ndi pansi popanda munthu, ndipo Washdil yekha ndiye anapulumutsa, kamodzi ndi manja, kamodzi ndi nkhope.

Pa nthawi yopuma analowa m'chipinda chovalira, chotentha, chonunkha mafuta opaka miyendo. Miskan anakhala pa benchi, mutu uli pakati pa mawondo, akuonabe nkhanu zotuwa zikuyenda pa simenti. Panali dengu la malalanje. Naushad anatola limodzi, ndipo ndi mtima wabwino, pofuna kumutsitsimula mkulu wake, analiponya pang'onopang'ono kuchokera kumanzere.

"Gwirani, kaputeni."

Miskan anadzutsa mutu, maso ali gwa. Lalanje linabwera poyera, aliyense akuliona, n'kumumenya pa tsaya. Sanaphethire n'komwe. Linagwa, linagubuduka mpaka pa nsapato zonyezimira za Faruki Sahib, amene anali ataima pakhomo.

Palibe anaseka. Naushad anatsala dzanja lili m'mwamba.

Faruki Sahib anayenda mosafulumira, anadutsa pamaso pa Miskan, n'kulowa m'chifunga chija. Mawu ake anachokera m'menemo, ofewa, okoma ngati a munthu wopeza chinthu chimene anataya kale.

"Kuyambira liti, Miskan?"

"Kuyambira ku Dhaka, Sahib."

"Ku Dhaka." Anatsonya. "Ndiye zaka zonsezi dziko lakhala likutsogoleredwa ndi diso limodzi."

"Ndipo silinagwere m'dzenje, Sahib," anatero Washdil, akupukuta magazi a m'mphuno.

"Iwe sindinakufunse. Unkadziwa?"

"Ine, Sahib? Ine ndimangoona msana wake. Msana uli bwinobwino."

Masiku amenewo malamulo sankalola kusintha wosewera masewero ali m'kati. Wothyoka mwendo ankatuluka, timu n'kutsala yoperewera. Faruki Sahib ankadziwa zimenezo, ndipo sankafuna nduna iwerenge anthu khumi.

"Malizani," anatero. "Mukatero tionana."

Potuluka Naushad anamugwira Miskan pa mkono. Miskan anangomusisita pa mutu, n'kupitirira.

Chodabwitsa n'chakuti pobwerera m'bwalo ankamva kupepuka, ngati wotula thumba la mpunga pa sitima. Chobisa chinali chitatha. Anaima pamalo pake, anasiya kuyang'ana pansi, n'kudikira.

Mpira unapita kumanzere. Kumbuyo kwake Washdil, amene kwa zaka zambiri ankangoluma mano poopa kuulula, anatsegula pakamwa ponse.

"Kumanzere, Lala! Ali pamzere! Dikirani, dikirani... pano!"

Mwendo unalowa m'chifunga, n'kukumana ndi chikopa. Mpira unapita kunja.

Amene anakhala kuseri kwa golo anamva. Anamvanso kachiwiri, kachitatu. Anayamba kuyang'anana. Wina anakumbukira za mphepo imene kaputeni ankaikana. Wina anakumbukira kuti anamupatsapo moni pa msika mbali imeneyo, iye osayankha, n'kumuyesa wonyada. Nkhani inayenda m'mbali mwa mzere, pakamwa ndi khutu, ngati moto woyenda pansi pa mankhusu. Ng'oma zinaleka.

Wa ku Burma uja atalandiranso mpira, mawu a Washdil sanamveke okha. Wogulitsa nsomba wina wa mawu osasa anayamba, ena n'kulandira, mpaka mbali yonse ya fumbi inkanena chinthu chimodzi.

"Akubwera... akubwera... pano!"

Miskan sanadziwe ngati ali maso. Kuwala koyera kuja kunkagwa ngati mvula yosanyowetsa. Tizilombo takupsa ndi mababu tinkatera pa mapewa ake. Kumanja ankaona dziko monga liliri, anthu a thukuta ndi mpira. Kumanzere kunalibe kanthu koma chifunga, ndipo m'chifungamo munkakhala mawu, mazanamazana, a onyamula katundu, a asodzi, a oyendetsa ngamila, omwe aja ankamutcha wosuta. Ankakwera pang'onopang'ono mdani akamayandikira, ngati funde likudzikundika kutali, ndipo akasweka iye ankaponya mwendo. Nthawi zina ankalakwitsa, chifukwa khamu silidziwa mpira monga limadzionera, ena ankafuula msanga chifukwa cha mantha. Koma pamenepo ankapeza Naushad atabwerera kumbuyo popanda womutuma, ataima pamene pakanadutsa munthu.

Wa ku Burma anayesa kunja, anayesa m'kati, anayesa kuima chilili kuti anthu asokonezeke. Kenako anayamba kuyang'ana khamulo ndi nkhope ya munthu amene akusewera ndi mzinda wonse. Sanadutsenso.

Koma ifenso sitinagoletse. Mpira wathu unamenya mtengo wa golo kamodzi, wina unapita kumwamba kukasaka tizilombo. Wenzulo yomaliza inalira chigoli chili chimodzi chomwe chija, cha mwendo umene unasesa fumbi. Ndi chimene chinalembedwa. Zinazo sizilembedwa.

Faruki Sahib anamudikira pakhomo la chipinda, nduna itapita.

"Mwayesetsa, Miskan. Bungwe silidzaiwala."

"Zikomo, Sahib."

"Tidzanena kuti mwapuma mwa kufuna kwanu. N'zaulemu kwa inu." Anakonza magalasi. "Jeziyo ndi ya bungwe. Mukaichape musanabweze."

Miskan anaivula pomwepo, yobiriwira, yolemera ndi thukuta ndi fumbi, n'kuiika m'manja mwa Faruki Sahib, pa malaya ake oyera.

"Kwathu madzi amavuta, Sahib. Kwanu mpopi uli m'nyumba."

Anatuluka ndi vesiti yokha, nsapato zili pakhosi. Injini inali itazimitsidwa kale anthu asanathe kutuluka, poti olemekezeka anali atapita. Panja ngolo za abulu zinkadikira, ndipo mwini ngolo ina anawaitana awiriwo kuti akwere, osanena za udzudzu, osanena za diso. Miskan anakhala kumbuyo, miyendo ikulendewera. Washdil anazungulira kuti akakhale kumanzere kwake. Ndi kumene ankakhala nthawi zonse, m'basi, m'sitima, pojambulitsa, pa maphwando a akazembe, kutchinga mbali imeneyo kuti wina asadzereko.

"Ukupita kuti?" anafunsa Miskan. "Bwera uku. Ntchito imeneyo yatha."

Washdil anaima pang'ono, kenako anabwerera n'kukwera kumanja. Bulu anakoka, ngolo inagwedezeka. Miskan anamuyang'ana mnzakeyo nthawi yaitali, mphuno yotupa, tsitsi loyamba kuyera pafupi ndi khutu.

"Kodi mbali inoyi ndiwe woipa nkhope chonchi?"

"Ndinkakusungirani, Lala," anatero Washdil. "Munali ndi mavuto okwanira."